Zithunzi Ziwiri pa Tsamba la Ndelema

Ine bowa ndinayamba kuzula ndisanasiye n'komwe sukulu, ndipo sukuluyo ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye zaka zake muwerengere nokha. Ndimakhala ku Sadzi, phiri timadzuka nalo pakhomo. Mvula ikangokhazikika, Disembala kumka mu Januwale, m'nyumba simungandipeze. Ndimatenga dengu ndi kampeni, uyo wokwera, mame akadali mbwee, pofika nthawi ya nkhomaliro ndatsika. Maondo anga masiku ano amalira ngati chitseko cha dzimbiri, koma akamva fungo la dothi lonyowa amaiwala okha kuti akudwala.

Kwa ife ozulafe, zomera kutchire zija zili pawiri, pali bowa, pali chilombo. Bowa ndi amene timadya, manyame ofiira aja, utale wa pachulu, ndelema. Chilombo ndi chilichonse chooneka ngati bowa koma chosadyedwa. Zilombo zambiri n'zopusa, zimadziulula zokha, sungalakelake n'kuzigwira komwe. Koma chilipo chimodzi chimene ndimachiopa kuposa njoka. Chimavala ngati ndelema, mwendo woyera, kunsi koyera, kathumba kutsinde, zonse. Chimasiyana pang'ono pamwamba pa chipewa, pamakhala ngati pobiriwirako, ndiponso pomera pake. Ndelema amamera pansi pa mitengo yathu yachilengedwe, misuku ndi miombo, pamene icho chimakonda pansi pa paini. Tsono kuphiri kuno paini ndi mitengo yathu zimachita kugundana, ungoponda kawiri wachoka kwina walowa kwina.

Ndipo chikalowa m'mimba sichipupuluma. Munthu amadya, tsiku lonse ali bwinobwino, m'mawa mwake kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako n'kuoneka ngati wachira, mpaka kupempha phala. Tsiku lachitatu maso achikasu. Ndinaziona ndili mtsikana pa banja lina kuseri kwathu. Basi, zimenezo ndisanene zambiri.

Chaka china kunabwera anthu a kaofesi kena ka m'tauni, kagulu ka aphunzitsi okonda za mitengo ndi zomera. Ati akufuna kulemba zomwe ife timadziwa tisanapite. Anatero mosabisa, ine n'kuti zikomo pondikumbutsa. Amene ndinazolowerana nawo kwambiri anali mayi woyang'anira makompyuta awo, wamfupi, wa magalasi, wa zaka ngati makumi anayi, kwawo ku Mulanje. Tinkaitanana achemwali ngakhale kuti ndikanatha kuwabereka. Tsiku loyamba anakwera phiri atavala nsapato za mu ofesi, potsika anazinyamula m'manja, ine kuseka mpaka kukhala pansi. Koma anali munthu wosatopa, ankagwada m'matope kujambula bowa, n'kumalemba chilichonse chotuluka pakamwa panga, ngakhale miseche.

Buku lawolo silinali la mapepala. Ankalitcha wiki. Ati limakhala mu kompyuta imodzi ya mu ofesi mwawo, koma aliyense wa foni ya intaneti akhoza kulitsegula ali kwawo, ndipo a m'gulumo, amene anapatsidwa pasiwedi, akhoza kulembamo kapena kukonza polakwika. Bowa aliyense anali ndi tsamba lake, dzina pamwamba, chithunzi, ndi mawu pansi pake. Titafika pa ndelema tinakangana pang'ono.

“Achemwali, chilombochi tichipatse tsamba lakelake, kutali uko,” anatero iwo.

“Ayi. Kutchire sichikhala kutali uko. Chiikeni pomwepo, phewa ndi phewa ndi ndelema, munthu aone kusiyana kwake.”

“Ena akasokonezeka bwanji?”

“Asokonezeka bwanji mawu alipo? Lembani ndi zilembo zikuluzikulu.”

Anandimvera. Pansi pa chithunzi choyamba analemba kuti uyu ndiye ndelema. Pansi pa chachiwiri analemba mofiira kuti ichi si ndelema, chimamera pansi pa paini, chimapha, musachiike m'dengu. Pa zithunzi zonse ziwiri panaoneka dzanja langa, ming'alu yake yonse, zikanakhala kuti anandiuza ndikanadzola mafuta. Komabe ndinanyada. Ndinaonetsa azimayi onse a kumpingo, mpaka ena kumandithawa.

Tsopano ndinene za apongozi anga, mkazi wa mwana wanga wamwamuna. Mwana wangayo amayendetsa thiraki, mwezi umatha osaoneka. Mkazi wake kwawo ndi ku Nsanje, kumene amadziwa nsomba ndi mapira, za bowa wa kuphiri sadziwa kanthu. Amakhala ku Chikamveka ndi ana awo awiri aakazi a sukulu. Ndi munthu wakhama, wosakonda kupempha, ukamuuza kamodzi sabwereza kufunsa. Ine ndimawati apongozi, iwo amanditi amayi. Chaka chimenecho anandipempha kuti ndizipita nawo kuphiri aphunzire.

Apa ndiye pali mlandu wanga. Ife ozula bowa sitionetsana malo. Aliyense ali ndi mitengo yake imene amaidziwa yekha, ndipo tikakumana m'njira timanamizana mwaulemu, wina akuti ndachokera uko chikhalirecho wachokera uku. Pobwerera timachita kuzungulira kuti mapazi asatiulule. Malo ako umaonetsa mwana wako wamkazi, ukaona kuti miyendo yayamba kukana. Ine wanga wamkazi ali ku Lilongwe, bowa amagula m'pepala. Koma mtima unkakanabe kupereka mitengo yanga kwa munthu wobwera, ngakhale akundilerera zidzukulu. Ndiye ndinkangoti tidzapita, tidzapita.

Lachiwiri lina masana anabwera kudzabwereka dengu.

“Amayi, mawa ndikufuna ndikayese ndekha. Ana akulilira bowa.”

“Ii apongozi, mawa ine maondowa.”

“Musavutike amayi. Mungondiuza kolowera.”

Ndinawalozera malo a aliyense, kumtunda kwa msewu wokwera, kumene amapita anthu osadziwa. Kenako ndinanena mawu amene mpaka lero amandiwawa m'makutu.

“Zonse zili pa foni paja. Mukatsegule tsamba la ndelema, n'zimene ndinanena ine ndemwe. Chimene chili pa chithunzi, zulani.”

M'mawa mwake cha m'ma naini, ndikuchapa, foni inalira. Anali achemwali a makompyuta aja. Moni sanapereke bwino.

“Achemwali, mungabwere ku ofesi pompano? Kwerani kabaza, ndikudikirani pageti.”

“Kwagwanji?”

“Atilowera.”

Ine ndinaganiza akuba oswa mawindo. Nditafika ndinapeza zonse zili m'malo mwake, loko ali bwino, zitsulo za pawindo zili bwino, ngakhale kapu ya tiyi ili pa tebulo. Kokha kompyuta ija, kabokosi kakuda kokhala pansi pa tebulo, inkalira fuuu osapumira, ndipo nditaikapo dzanja inali yotentha ngati ayironi.

“Akuba ake aba chiyani?” ndinafunsa.

“Sanabwere ndi miyendo. Khalani pansi ndikuonetseni.”

Anatsegula wiki ija n'kuloza pamwamba.

“Mukuona kabokosi aka, komwe munthu amalembamo dzina la bowa amene akumufuna? Pulogalamu yoyendetsa wikiyi inali ndi chibowo pamenepa. Munthu wodziwa akalembamo malamulo m'malo mwa dzina la bowa, kompyuta siifunsa kuti ndiwe ndani. Imangomvera, ngati kuti walamula ndine mwini wake.”

“Nanga pasiwedi ija munkainyadira ija?”

“Sanaifune n'komwe.”

“Ndiye ali kuti munthuyo? Ndi wa konkuno?”

“Kaya. Mwina ali kutsidya kwa nyanja, mwina sadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Zomba. Amangotuma makina ake kuti azigogoda pa makompyuta onse amene ali ndi chibowo chimenechi. Yathuyi inatsegula.”

Ndinayang'ananso zitsulo za pawindo zija. Munthu wosaoneka, wopanda mapazi, akulamula chinthu chili pafupi ndi mwendo wanga, ndipo chikumumvera ine ndili pomwepo. Ndinasendeza mpando.

“Achemwali, zimenezi kwathu zili ndi dzina lake.”

“Si ufiti ayi,” anatero, koma osaseka. Anavula magalasi n'kupukuta kumaso. “Ndi ine. Opanga pulogalamuyi analengeza kalekale za chibowochi, anatumiza ndi chigamba chake chomwe. Ine ndinkangoti ndiika mawa, magetsi akabwera, ntchito zikachepa.”

Anati munthuyo za bowa analibe nazo ntchito. Ankafuna mphamvu ya kompyutayo kuti izimugwirira ntchito zake, n'chifukwa chake inkatentha, komanso anamwaza zotsatsa za juga m'masamba athu, pamwamba pa zomwe tinalemba. Chimene anandiitanira chinali choti tidutse limodzi tsamba ndi tsamba, ine ndizinena ngati mawu anga akadali momwe ndinawanenera, chifukwa iwo sankadziwa kuti wagwira pati, wasiya pati.

Tinayamba ndi manyame. Chithunzi chinalipo, koma pansi pake panali Chizungu chokhachokha, ndi timipira ndi timakhadi tikuphethiraphethira. Ine ndinasekako pang'ono, ndinati manyame ayamba juga. Utale chimodzimodzi. Kenako anatsegula ndelema.

Dzina linalipo pamwamba, Ndelema, zilembo zikuluzikulu. Zithunzi ziwiri zija zinalipo, phewa ndi phewa monga ndinalamulira, chilichonse chili m'dzanja langa. Mawu ofiira aja panalibe. Mawu akuda aja panalibe. Tsamba lonse linkangonena chinthu chimodzi, kuti awa ndi ndelema, onse awiri, ndipo amene wawagwira ndi mayi wa ku Sadzi uja amadziwa bowa.

“Zakhala chonchi kuyambira liti?” ndinafunsa ndikuimirira.

“Mwina sabata, mwina kuposa. Bwanji achemwali? Mwatani?”

“Apongozi anga ali kuphiri ndi tsamba limeneli.”

Sanafunse kawiri. Anagwada pansi pa tebulo n'kuzula chingwe, kulira kuja kunaleka, mu ofesi munangoti zii. Ine ndinati ndiye kuti chafufutika eti? Anapukusa mutu. Ati kuphiri netiweki imavuta, anthu amajambuliratu tsamba n'kusunga mu foni asanakwere, ndipo zosungidwa kalezo sangazifikire.

Ndinaimba foni ya apongozi. Kamawu kaja koti sakupezeka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Kachitatu ndinaimbira munthu wina wolakwika, mayi wogulitsa makala, n'kuyamba kundiuza za mitengo ya makala, ndinangodula. Wotchi ya pakhoma inkaloza leveni kudutsa. Ana aja amaweruka cha m'ma thwelofu, ndipo mayi wawo ndi munthu wofuna kuti ana akafika apeze zonse zapsa.

“Tikwere kuphiri kapena tipite kunyumba?” anafunsa achemwali, makiyi a galimoto ali kale m'manja.

Ndinaima pakhomo ngati chitsiru. Kuphiri n'kwakukulu, ndipo ndinali nditawalozera malo ndi dzanja chabe, kumtunda uko. Tikanatha kufuula tsiku lonse iwo atatsikira njira ina. Bowa ali m'dengu sapha munthu, amapha ali mumphika.

“Kunyumba.”

Kagalimoto kawo n'kakale, kamachita kupemphedwa kuti kalire. Tsiku limenelo kanalira kamodzi. Mvula inali itagwa m'mawa, msewu wolowera ku Chikamveka unali phala lokhalokha, matayala akungozungulira, kagalimoto kakuvina uku ndi uku. Ine ndinagwira chitseko ndi manja awiri n'kumapemphera mokweza, mapemphero osalongosoka, ndikuganiza kuti ena ndinapempherera chakudya. Ndipo titatsala pang'ono kufika tinapeza masamba atayalidwa pamsewu, pali maliro. Mukudziwa nokha kuti pa masamba suthamangitsa galimoto, ngakhale njinga umatsika. Achemwali anachepetsa mpaka kumayenda ngati nkhono, azibambo ali m'mbali mwa msewu akutiyang'ana. Nyimbo ya maliro inkalowa pawindo. Ine sindinathe. Ndinatsegula chitseko galimoto ikuyenda, n'kutsika, kudutsa pa maliropo ndikuwerama ndi kuomba m'manja mwaulemu, nditangodutsa masamba achiwiri ndinakwinya chitenje n'kuthamanga. Maondo aja sindinawamve.

Fungo linandichingamira ndisanafike pampanda. Bowa wa tomato ndi anyezi, fungo limene moyo wanga wonse limandipatsa njala. Apongozi anali pakhonde, akupemerera mbaula ndi chivundikiro cha ndowa, mphika ukubwata. Foni yawo inali pawindo mkati, yothima, ikudikira magetsi.

“Amayi! Takulandirani. Mwafika nthawi yabwino, mulawe ntchito ya wophunzira wanu.”

Ndinaphula mphika uja ndi manja opanda kanthu n'kuuika pansi. Matuza ake ndinawaona madzulo.

“Ana afika?”

“Ayi, sanaweruke. Amayi, chavuta n'chiyani?”

“Mwapatsako wina aliyense?”

“Ayi.”

“Inuyo mwadya?”

“Kudya ayi. Ndangolawa mchere.”

“Kangati?”

“Kawiri. Kachiwiriko ndinatapa ndi kachidutswa, ndione ngati wafewa. Amayi mukundiopsa.”

Ndinakhala pansi pa khonde pomwepo, pamatope. Achemwali anafika akupuma wefuwefu, n'kuwafotokozera mwachidule za munthu wolowa mu kompyuta uja. Apongozi anati tsambalo analitsegula dzulo madzulo, n'kulijambula pa foni ya mnzawo woyandikana naye nyumba, imene anabwereka popita kuphiri. Za juga zija anaziona, koma anangoti ndi zotsatsa za masiku onse, paja pa foni paliponse zimatulukira. Anaona zithunzi ziwiri, anaona dzanja langa, basi.

Ndinavundukula mphika. Bowa akaphikidwa onse amafanana, zidutswa zotuwa m'msuzi, ngakhale ine sindingasiyanitse.

“Zodulira zili kuti? Matsinde aja mwadula?”

“Ndataya kudzala.”

Dzala lawo lili kuseri kwa bafa, ndipo nkhuku zinali zitafikamo kale, zikupalasa. Ndinazithamangitsa n'kulowamo ndi maondo. Ndinatola tsinde lililonse, kulipukuta, kulinunkhiza, kuyang'ana dothi lomamatira kunsi kwake. Ambiri anali ndi dothi lakuda ndi tizidutswa ta masamba a msuku. Amenewo ndinkaika kumanja, mtima ukutsikako pang'ono. Kenako ndinatola lina, kunsi kwake kutamamatira timasamba ta paini, tija tonga singano. Ndinaika kumanzere. Ndinapezanso lachiwiri. Ndinapezanso lachitatu.

“Apongozi, munalowa m'mapaini?”

“Pobwerera, m'mphepete mwake. Anali atatu okongola, ngati a pa chithunzi chachiwiri chija.”

“Munawaika mumphika?”

Anagwira pakamwa. “Ena ndinataya, fungo lake silinandisangalatse. Awiri kapena onse, sindikukumbuka amayi. Ndinali pa changu.”

Tinafukula dzala lonse atatufe, achemwali ndi malaya awo a ku ofesi. Tinapeza chipewa chimodzi chobiriwirako pansi pa makoko a nthochi. Chachiwiri tinachipeza pafupi ndi mpanda, nkhuku itachijompha. Chachitatu tinafunafuna, m'maluwa, kuseri kwa chimbudzi, m'ngalande. Osachipeza.

“Koma ine ndili bwinobwino,” anatero apongozi akuyesa kuseka. “Onani, palibe chikundipweteka.”

“Ndi mmene chimachitira. Tengani chitenje, tiyeni.”

Ana tinawasiyira uthenga kwa mnzawo wa apongozi woyandikana nayeyo, n'kumuuza kuti afufute chithunzi chija mu foni mwake, ndipo kuti mwana asakhudze chilichonse cha pakhonde. Mphika tinaumanga m'jumbo, matsinde ndi zipewa m'jumbo ina, ulendo wa kuchipatala. Pa maliro paja tinadutsanso pang'onopang'ono. Apongozi anayang'ana kumbali.

Kuchipatala namwino woyamba anatiyang'ana ngati tabwera kudzacheza, poti wodwala akuyenda yekha ndipo akupepesa kuti tikuwataitsa nthawi. Ine ndinamasula jumbo ija pa tebulo lake. Anaitana adokotala, bambo wa imvi, amene anatenga chipewa chija ndi pepala, kuchitembenuza, n'kundifunsa kuti chinamera pati. Nditati pansi pa paini, nkhope yawo inasintha. Apongozi anawamwetsa mankhwala akuda bii ngati makala osungunula, kuwaika diripi, kuwatenga magazi, n'kunena kuti sachoka mpaka masiku atadutsa, chifukwa chimene akuopa ndi chiwindi.

Mwana wanga ndinamupeza pa foni ali kumalire, thiraki ili pa mzere. Anangoti, “Amayi, inu simunapite nawo bwanji?” Ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula. Amene sindikanatha kuwadulira ndi asewere anga, mayi wawo wa apongozi, amene anaimba kuchokera ku Nsanje.

“Asewere, mwana wanga ndinakupatsani wamoyo.”

“Ali moyo asewere, akulankhula, ndi uyu apa.”

“Akuti wadya za mu foni. Inu bowa simumudziwa kodi?”

Ndinati ndimamudziwa.

M'mawa wa tsiku lachiwiri apongozi anasanza kawiri. Namwino anati mwina ndi mankhwala akuda aja, mwina ndi mantha, mwina ndi chomwecho, tidikire magazi. Ine ndinagwira beseni. Pofika masana kusanza kunaleka, anakhala tsonga, n'kupempha phala. Azimayi a pa mabedi oyandikana anati mwaona, wachira, thokozani Mulungu. Ine ndinatuluka panja n'kukatsamira khoma, chifukwa a kuseri kwathu aja nawonso anapempha phala.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wamisala wa m'wodimo. Pakangopita kanthawi ndinkawatembenuzira kuwindo, kukoka chikope ndi chala, kuyang'ana koyera kwa diso. Makatani a m'wodimo anali achikasu, ndiye dzuwa likawomba aliyense ankaoneka wachikasu, ngakhale namwino. Kangapo ndinathamangira kukaitana anthu, iwo n'kubwera, kusuntha katani, n'kundiuza kuti amayi khalani pansi. Mayi wina wothyoka mwendo pa bedi la pakona ankati akandiona ndikudzuka, “Apolisi a maso abweranso, bisani maso anu.” Wodi yonse kuseka. Inenso ndinkaseka ndi mano okha.

Achemwali ankabwera nthawi yoona odwala tsiku lililonse, atanyamula nthochi zimene palibe ankadya. Ankakhala kumapeto kwa bedi, osadziwa poika manja. Anandiuza kuti kompyuta ija aisesa yonse, ayambiranso pachiyambi, chigamba chija aika, ndipo mawu athu akale anali atasungidwa pena, abwezeretsa.

“Ndiye chibowo chatsekeka?” ndinafunsa.

“Chimenecho chatsekeka.”

“Palibenso china?”

“Chimene tikuchidziwa palibe. Zina zimadziwika mawa.”

“Ndiye tsamba la ndelema musalibwezere.”

“Tikhoza kulemba mawu aja pa chithunzi penipenipo.”

“Wolowayo sangasinthe chithunzi?”

“Akalowa, akhoza kusintha chilichonse.”

“Ndiye lembani dzina lokha, ndi mawu oti uyu musazule popanda munthu womudziwa ali pambali panu. Zithunzi chotsani zonse ziwiri.”

Ndinawafunsanso ngati angadziwe kuti ndani ena anatsegula tsambalo masiku amene linali lopanda mawu. Anati wolowayo anafufuta ndi kaundula wake yemwe. Anali atauza kale a m'gulu lawo kuti afalitse chenjezo m'mafoni, ndipo ine ndinatuma uthenga kwa anzanga ozula bowa ndi kwa azimayi a kumpingo aja ndinawaonetsa monyada. Kupitirira apo panalibe chochita. Nthawi iliyonse machira akalowa m'wodimo ndinkadzuka kukasuzumira kuti ndani, wadya chiyani.

Tsiku lachitatu ndiye sindinadye kanthu. Anawatenganso magazi m'mawa, zotsatira ati mawa. Apongozi anali chigonere, akuyang'ana kudenga. Anandiitana chapansipansi.

“Amayi, zikavuta, ana aja musawatumize ku Nsanje pakati pa teremu. Amalize kaye.”

“Tsekani pakamwa apongozi.”

“Ndikungonena.”

“Musanene. Ndikanapita nanu ine. Maondo sanali kupweteka kwambiri tsiku lija.”

“Ndinadziwa amayi,” anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Ndinakhala pamenepo ndikuwapemerera ndi kabuku ka kuchipatala mpaka dzanja linachita dzanzi.

Tsiku lachinayi adokotala a imvi aja anabwera cha m'ma teni ndi pepala m'manja. Anaima pa bedi lina kaye, kenako lina, akucheza ndi odwala, ine ndikufuna kuwakoka jekete. Atafika pa ife anayang'ana pepala, anayang'ana apongozi m'maso, kuwadina pamimba kumanja, n'kufunsa ngati pakupweteka. Ayi. Anati magazi onse amene anatenga ali bwino, chiwindi sichinagwedezeke, masiku oopsa adutsa. Kaya chilombocho sichinalowe mumphika, kaya chinalowa koma supuni sinakumane nacho, iwo sangadziwe. Atha kupita kunyumba, abwerenso sabata yamawa adzawaonenso.

Ine ndinati, “Adokotala, taonaninso maso, katani uyu amanamiza.”

“Mayi, ndaona. Ndi oyera.”

Ndinawatembenuzirabe kuwindo apongoziwo, kusuntha katani, kukoka chikope chakumanja, kenako chakumanzere.

“Amayi, mundiboola maso,” anatero. “Amene chilombo chawasiya muwamalize ndinu?”

Mayi wa mwendo uja anaomba m'manja pakona pake. Ine ndinafuna kuimirira kuti ndipinde zofunda, miyendo inakana. Ndinakhala pansi pa simenti pakati pa mabedi, ndipo anachita kundidzutsa ndi apongozi omwewo, dzanja lina likadali ndi pulasitala ya diripi. Anandigwira m'khwapa mpaka pageti, anthu m'njira akumapepesa ine, kuyesa wodwala ndine.